Mwana akamatsamwa ndi chakudya kawirikawiri, zoti muchite

Amayi a ku Ngabu, Nchalo mpaka Nsanje uko, mwana akamadya nsima mochita kukankhira ndi madzi mbamu iliyonse, kutafuna nyama mpaka kutopa, kapena kusanza pafupipafupi ndipo sikelo siikukwera, musathamangire kunena kuti ndi matama. Pali matenda otchedwa eosinophilic esophagitis, thupi limadana ndi zakudya zina ndiye njira yachakudya imatupa mkati. Amakonda anyamata, makamaka amene ali kale ndi asima kapena ziwengo.

Yambani kulemba mu kope zimene wadya ndi zimene zachitika, mupite nalo kuchipatala cha boma ku Chikwawa kapena Nsanje pamodzi ndi buku lake lakusikelo. Kutsimikiza kwake ndi kulowetsa kapaipi ka kamera kukhosi n'kutapa kanyama kokayeza, ndiye musadabwe akakulemberani kalata yopita ku Queens ku Blantyre.

Chovuta chake matendawa satha mwana akamakula ayi, amangogona. Mankhwala monga omeprazole amathandiza koma mukasiya nokha poti mwana akuoneka bwino matendawa amabwereranso, ndipo zaka zikamapita osachiza njira ija imauma n'kuchepa mpaka chakudya kumakakamira.

Zoyambitsa kwambiri ndi mkaka wa ng'ombe, kenako tirigu, mazira ndi soya. Ndiye mu buledi ndi mandasi muli tirigu, ndipo mu Likuni Phala muli soya. Koma chonde osamuletsa zonse kamodzi, mwana angaonde, adokotala ndi amene anene choyamba kuchotsa. Ndiwo muzidula tizidutswa, msuzi wambiri. Chakudya chikakakamira mpaka malovu osamezeka, kwerani kabaza kupita kuchipatala nthawi yomweyo.