Momwe mungaprintire zojambula zanu: pakhomo kapena kwa akatswiri?

Chithunzi chimodzi mumapenta masabata awiri, kenako mlendo wopita ku Nkhata Bay wagula, chapita basi, inu mwatsala ndi kafoto kosaoneka bwino mu foni. Ine zimenezi zimandiwawa, chifukwa chithunzi chomwecho mukanachigulitsa kakhumi mutapanga maprinti. Nde tiyeni tione mmene mungachitire.

Choyamba, chitoleni bwino musanachigulitse. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, printa ingakhale yodula bwanji siingakonze foto yoipa. Musayatse flash, imanyezimiritsa penti. Ubwino wa ku Mzuzu kuno mitambo sisowa, ndipo tsiku la mitambo ndi lomwe limafunika chifukwa kuwala kwake nkofewa, nde kolekani chithunzi pakhoma pakhonde, pukutani kamera, foni iyang'ane pakati penipeni osapendeka. Ngati chili cha A4 kapena kuchepera, ingochisikanani pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse) kapena kuposa.

Chachiwiri, onani kukula kwa fayilo. Printi ya A4 kuti ituluke yakuthwa imafuna mapikselo (timadontho topanga foto) 2480 x 3508, ya A3 imafuna 3508 x 4961. Foni ya 12 megapixel imakwanitsa A4 bwinobwino koma pa A3 mizere imayamba kufooka. Komanso chonde musatumize pa WhatsApp ngati foto wamba, imaifinya, tumizani ngati document kapena nyamulani pa flash disk.

Chachitatu, sankhani kokaprintira. Pakhomo pamakomera tinthu ting'onoting'ono, makhadi, ma A5, ma A4, totuluka sabata ndi sabata. Printa yothira inki ya mu botolo ngati Epson EcoTank ndi yomwe singakumalizeni ndalama, za ma cartridge zija inki imatha musanabweze nkomwe. Pepala la 80 gsm la mu ofesi lisiyeni, limanyowa ndi inki nkupindika, funani lokhuthala losanyezimira, la matte la 200 gsm kupita mtsogolo. Ndipo ndi chinyontho cha kuno, makamaka inu a ku Chibavi ndi Masasa nthawi ya mvula, sungani mapepala mu pulasitiki yomata bwino, printi ikatuluka muisiye usiku wonse iume musanaike mu fulemu. Printa ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito inki imauma mkati nkumatulutsa timizere, nde printani kenakake kamodzi pa sabata olo mulibe oda. Ine ndinatayapo mapepala abwino magetsi atathima printi ili pakati, pano ndimayamba ndaprinta limodzilimodzi.

Koma vuto lenileni la pakhomo ndi ili: maprinta ambiri otchipa amagwiritsa inki ya dye, yomwe imazilala ikamawombedwa ndi dzuwa. Inki ya pigment ndi yomwe imakhalitsa zaka zambiri. Munthu wakupatsani ndalama zake, wakapachika pabalaza pafupi ndi windo, kenako nyanja yanu yabuluu ija yatuwa, dzina loipa ndi lanu.

Nchifukwa chake A3 kupita mtsogolo, kapena chilichonse chomwe mukutchaja mtengo wokwera, ine ndimati pitani kwa akatswiri. Koma si aliyense wolemba "printing" pakhomo la shopu amene amadziwa za zojambula, ambiri ntchito yawo ndi ma banner ndi makhadi aukwati. Afunseni kuti inki yawo ndi iti, ali ndi mapepala anji, ndipo akuprintireni kaye kachidutswa koyesera. Tengani chithunzi chenichenicho mukafananize muli panja powala, chifukwa sikirini imapanga mitundu ndi kuwala (RGB) pomwe makina amasakaniza inki (CMYK), buluu ndi girini wowala amakonda kutuluka wosawala. Akakana zoyesera, tulukani. Mukasowa mu tauni muno tumizani fayilo ku Lilongwe kapena Blantyre, muwauze akulungire mu chubu kapena kapaipi ka PVC, asapinde.

Chomaliza, sainani ndi pensulo mmunsi ndipo lembani nambala, monga 3/20 kutanthauza yachitatu mwa 20. Mukati 20 ikhale 20 yomweyo, osakaonjezera mwakabisira. Ngati chithunzicho anajambula ndi wina, kumugula sikukupatsani ufulu wochiprinta, lamulo la Copyright la 2016 limamuteteza ndipo a COSOMA, bungwe loteteza ufulu wa aluso, alipo pa nkhani zimenezi. Mugwirizane naye polemba kuti pa printi iliyonse azilandira zingati.