Musanagule printa, onani kaye ngati igwirizane ndi kompyuta yanu

Ambiri akamagula printa amangoyang'ana kuti imatulutsa mapepala angati pa miniti komanso inki yake imatha msanga bwanji, basi kulipira. Vuto limadzaonekera pofika nayo pa desiki, mwalumikiza chingwe cha USB, kagetsi kobiriwira kakuyaka bwinobwino, mukadina print pepala lili duu mu thireyi osasuntha. Nthawi zambiri printayo siyowonongeka ayi, kungoti ilibe driver, kapulogalamu kothandiza kompyuta kulankhula ndi printa, yogwirizana ndi system yomwe ili mu kompyuta yanu. Driver ya Windows sigwira pa macOS kapena pa Linux, ndipo ka CD kamene mumakapeza mu bokosi kaja nthawi zina kamakhala kakale kuposa system yanuyo.

Ndiye langizo langa lalikulu ndi ili, gulani printa yoti itha kuprinta popanda kuikira driver. Yang'anani pa bokosi kapena pa webusaiti ya kampani ngati palembedwa AirPrint, Mopria kapena IPP Everywhere. AirPrint anaiyambitsa a Apple mu 2010, Mopria anaikhazikitsa mu 2013 a Canon, HP, Samsung ndi Xerox, koma pansi pake zonsezi zimadalira njira imodzi yotumizira ntchito ku printa pa netiweki yotchedwa IPP, printa yokha imauza kompyuta kuti ine ndimatha izi ndi izi, pepala la saizi yakuti, mbali zonse ziwiri, ndiye kompyuta imangotumiza ntchito. macOS ndi Linux onse amagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa CUPS, yomwe imadziwa IPP, poprinta, nchifukwa chake printa ya AirPrint kawirikawiri imangooneka yokha pa mitundu ya Linux ngati Ubuntu kapena Fedora mukaiyika pa netiweki imodzi. Nawo a Microsoft analengeza mu 2023 kuti pang'onopang'ono asiya kugawa ma driver a makampani a maprinta kudzera mu Windows Update, moti uku nkomwe zinthu zikulowera, musagule chinthu chomwe chikutsalira m'mbuyo.

Chenjerani kwambiri ndi timaprinta ta laser totchipa tija tolembedwa GDI kapena host-based. Timeneti ntchito yonse yokonza tsamba timaisiyira kompyuta, ndiye kampani ikangosiya kutulutsa driver yatsopano, kachipangizo kabwinobwino kamasanduka chitsulo chongodya malo. Zimandipweteka kuona makina amphamvu akutayidwa chifukwa cha zimenezi. Printa yodziwa PCL kapena PostScript, zilankhulo zomwe maprinta ambiri amamva, imakhalitsa ndipo imalowa pafupifupi pa system iliyonse.

Komanso werengani nambala ya model mpaka kumapeto, zilembo zakumapetozo sizokongoletsa. Makampani ambiri w amatanthauza Wi-Fi, n ndi netiweki ya chingwe, d kuprinta mbali zonse ziwiri. Ma model awiri atha kufanana nkhope yonse koma ya USB yokhayo n'kukhala yopanda AirPrint.

A Mac, kumbukirani kuti kuyambira pa macOS Catalina ya 2019 mapulogalamu a 32-bit anasiya kugwira, ma driver ndi mapulogalamu akale a scanner ambiri anafera pompo. A Windows amene muli ndi laputopu ya processor ya Arm ngati Snapdragon, driver wamba ya x64, ya ma processor a Intel ndi AMD, singakuthandizeni, pamafunika ya Arm64 kapena printa ya Mopria ija. A Linux lembani model yanu pa webusaiti ya OpenPrinting musanatulutse ndalama, ngati ndi ya HP onani pa mndandanda wa HPLIP, ma driver a HP a pa Linux.

Mbali ya scanner anthu amaiwala zedi. Makina a zonse pamodzi aja atha kuprinta bwinobwino koma scan n'kukana, chifukwa imadutsa njira yakeyake. Pa Linux fufuzani pa mndandanda wa SANE, pulogalamu yoyendetsa ma scanner, kapena onani ngati makinawo ali ndi eSCL yomwe imalola scan popanda driver.

Zida zina ngati ka Wi-Fi ka USB nkhani yake ndi chip yomwe ili mkatimo osati dzina la pa chikuto, ndipo kampani itha kusintha chip dzina n'kusiya lomwelo, kumangowonjezera v2 kapena v3 pa kastika kakang'ono kumbuyo. Pa Linux lembani lsusb mu terminal, windo lolembamo malamulo, ikupatsani manambala a chipangizocho oti mufufuzire. Ngati mukufuna kusamuka kuchoka pa Windows 10 kupita pa Linux, poti Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 October 2025, yatsani kaye Linux kuchokera pa flash musanaiyike, mulumikize printa, scanner ndi Wi-Fi, muprinte tsamba limodzi la mayeso ndi kupanga scan imodzi, kenako muziganiza zofufuta system yakale.