Chikhodzodzo chikupwetekabe koma ku labu akuti mkodzo uli bwinobwino? Yambani ndi mafunso awa

Pali anthu ambiri, makamaka azimayi, amene pachinena pamawapweteka miyezi ndi miyezi, kukodza pafupipafupi usiku osagona, akapita kuchipatala amangopatsidwa ma antibiotic koma ululu uli pompo. Zikapitirira masabata 6 mkodzo osapezeka ndi tizilombo, madokotala amaganizira matenda otchedwa interstitial cystitis, ena amati bladder pain syndrome, ndipo poyambira pake ndi mafunso basi.

Mapepala a mafunsowa odziwika alipo awiri. La O'Leary-Sant linatuluka mu 1997, limafunsa za mwezi wapitawu: kodi mkodzo umakugwirani mwadzidzidzi, mumabwereranso kuchimbudzi maola 2 asanathe, usiku mumadzuka kangati, nanga chikhodzodzo chimapweteka kapena kuwotcha? Kenako limafunsanso kuti chilichonse mwa izi chakusautsani bwanji. Lina ndi PUF (chidule cha mawu achingerezi onena za ululu wa pachinena ndi kukodza pafupipafupi), yankho lililonse lili ndi mamalikisi ndipo onse pamodzi amafika 35, ili limafunsanso za ululu pogonana, apa musachite manyazi chonde, yankhani zoona zenizeni.

Musanayankhe tengani kope, masiku 3 muzilemba nthawi iliyonse mwakodza, zomwe mwamwa, ndi ululu kuyambira 0 mpaka 10, osangodalira mutu ayi chifukwa munthu ukatopa ndi matenda umangoti "ndimakodza kambirimbiri" ndiye dokotala sadziwa kuti ndi ka 9 kapena ka 20. Onetsetsaninso ngati ululu umakula chikhodzodzo chikadzadza nkuchepako mukakodza, chimenecho ndi chizindikiro chachikulu. Tiyi, khofi, mowa, tsabola, mandimu ndi zakumwa za gasi zimakolezera ululu kwa ena, zilembeni.

Koma mamalikisi okwera sikuti ndiye mwapezeka nawo matendawa. Kwathu kuno likodzo ndi lambiri, ngati munasambapo kunyanja ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota auzeni madokotala ayeze, mankhwala ake ndi praziquantel. Ayezenso shuga ndi matenda opatsirana pogonana, abambo awonedwe prostate, kachiwalo kamene kali pansi pa chikhodzodzo. Mukaona magazi mumkodzo kapena thupi kutentha, za mapepala zisiyeni kaye pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Kope lija ndi mayankho anu mupite nazo limodzi ndi buku lanu lakuchipatala, ndipo mukayamba chithandizo muyankhenso mafunso omwewo pakatha mwezi kuti muone ngati mamalikisi akutsika.