Kakonzedwe ka njinga yakale ya aluminiyamu yoyendera m'mapiri a ku Angónia

Mukapeza njinga ya m'mapiri ya m'zaka za m'ma 1990 pamsika wa kaunjika ku Ulónguè kapena mumzinda wa Tete, musafulumire kugula matayala ndi tcheni, chifukwa chimene chidzakuuzeni ngati njingayo ndi yoyenera kuitayira ndalama ndi felemu. Pa nthawi imeneyo makampani ngati Cannondale, Klein ndi GT ankapanga mafelemu a aluminiyamu a mapaipi onenepa koma opyapyala khungu, ndipo n'chifukwa chake njingazi zimapepuka kwambiri poziyerekeza ndi zachitsulo zimene tinazolowera.

Tsukani felemuyo ndi sopo, ikauma muitengere padzuwa, kenako muyang'anitsitse paliponse pamene anawotcherera, makamaka kunsi kwa paipi yolowamo foloko, mozungulira pomwe pamazungulira mapedulo, ndiponso pakamwa pa paipi ya chishalo. Mng'alu umaoneka ngati tsitsi lomatirira pa penti limene silichoka ngakhale mupukute ndi chala chonyowa. Mukauona, ine ndinganene kuti muisiye felemuyo ngakhale ikongole chotani. Chitsulo chimayamba chapindika chisanathyoke, pamene aluminiyamu yotopa imatha kuduka mwadzidzidzi muli pa mtsetse. Kupita nayo kwa wowotcherera wapamsika sikuthandiza, pakuti aluminiyamu ya mtundu wotchedwa 6061, imene ankapangira ambiri mwa mafelemu amenewa, ikawotcheredwa imafooka mpaka itatenthetsedwanso mu uvuni wapadera. Musakanulenso miyendo yakumbuyo ya felemu kuti tayala lilowe. Zambiri mpata wake ndi mamilimita 135, choncho funani habu (chitsulo cha pakati pa wilo pomwe pamamangidwa masipoko) yofanana nawo. Pochotsa penti yakale musagwiritse ntchito soda wopangira sopo, popeza amadya aluminiyamu.

Felemu ikakhala yabwino, zotsalazo n'zosavuta. Tsukani mabering ndi parafini, muwapake girisi watsopano, ndipo musinthe mawaya, malabala a mabuleki ndi tcheni. Mpini wa chishalo muupake girisi pang'ono musanaulowetse, apo ayi ufa woyera umene aluminiyamu imatulutsa m'malo mwa dzimbiri udzaumata mpaka kukanika kuzuka. Mugwirenso m'mbali mwa malimu: ngati mabuleki anakumbamo kachigwa, limu imeneyo yatha.

Pokwera chitunda cha kunjira ya ku Dómuè kapena ku Tsangano mudzamva kuti felemu siigwedera, ndipo mphamvu yonse ya mwendo imapita ku tayala lakumbuyo. Kuuma komweko kumapweteketsa manja ndi msana potsetsereka pamiyala, makamaka ngati foloko ilibe masipuling'i. Mankhwala ake ndi matayala a mainchesi 26 otambalala pafupifupi mainchesi 2.1, opopedwa cha m'ma 35 psi (muyeso wa mpweya pa geji ya pampu) osati kuuma gwa, ndipo potsika mudzuke pang'ono pachishalo mawondo atapindika. Matumba a mbatatesi ndi chimanga muziwanyamulabe pa njinga yachitsulo ya keliyala, chifukwa felemu iyi sanaipangire katundu wotere.