Kudyetsa sitiroberi m'dothi la choko mothandizidwa ndi mabakiteriya

Kum'mwera kwa England, m'madera monga Kent, South Downs ndi Chilterns, mukakumba pang'ono chabe mumakumana ndi choko choyera. Sitiroberi wobzalidwa m'dothi lotere amayamba kuonetsa masamba anthete achikasu, mitsempha yokha n'kutsala yobiriwira. Ichi ndi chizindikiro chosowa ayironi. Ayironi m'dothimo alimo ndithu, koma choko chimakweza pH (muyeso wa asidi m'dothi: nambala ikakwera, asidi ndi wochepa), ndipo ikafika pa 7.5 mpaka 8.3 ayironiyo sasungunuka, ndiye mizu imalephera kumuyamwa. Fosifolasi nayenso amamangidwa ndi kashiamu wa m'chokomo. Chomerachi chimakonda pH ya 5.5 mpaka 6.5.

Musanagule kanthu, tsimikizani vutolo. Tengani dothi louma pang'ono, mudonthezepo viniga. Likachita thovu, muli laimu wambiri. Onaninso masamba: ngati chikasu chayambira pa masamba akale a m'munsi, vuto ndi maginiziyamu kapena nayitirojeni, osati ayironi.

Mabakiteriya othandiza ali m'magulu awiri. Pseudomonas fluorescens ndi Pseudomonas putida amatulutsa tizinthu totchedwa siderophore, tomwe timakoka ayironi n'kumusunga wosungunuka pafupi ndi mizu. Bacillus megaterium amatulutsa asidi amene amamasula fosifolasi. Ntchito yonseyi imachitika m'kadothi kochepa kokhudzana ndi muzu. Dimba lonse pH yake sisintha, ndipo amene angakuuzeni kuti isintha akukunamizani.

N'chifukwa chake nthawi yabwino yoika mabakiteriyawa ndi pobzala. Sungunulani mankhwala a mabakiteriyawo motsatira muyeso wa papaketi. Cholinga n'chakuti pa mililita imodzi ya madzi pakhale tizilombo tamoyo pafupifupi 100 miliyoni. Gwiritsani ntchito madzi a mvula, chifukwa a pampopi ali ndi kolorini, komanso m'madera a choko amabwera ndi laimu wawo. Viikani mizu ya mbande kwa mphindi 30 pamthunzi, kenako bzalani nthawi yomweyo mizu isanaume, motalikirana masentimita 30 mpaka 40. Mtima wa mbande, pamene mizu imakumana ndi masamba, ukhale wolingana ndi dothi: mukaukwirira umaola, mukausiya pamtunda umauma. Madzi otsala m'chidebe muwathire patsinde, madzulo kapena kukachita mitambo, poti dzuwa limapha tizilomboti. Pakatha milungu 3 kapena 4 thiraninso, ndipo mubwereze maluwa akayamba.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amathira mabakiteriya m'dothi lopanda chakudya. Dothi la choko ndi losaya ndipo limamaliza manyowa msanga, choncho sakanizani kompositi wowolerana bwino wochindikala masentimita 5 m'dothi la pamwamba, ndipo muzionjezera chaka ndi chaka. Pewani kompositi wotsala kolimidwa bowa, chifukwa kawirikawiri amakhala ndi choko, ndipo phulusa musaliyandikitse n'komwe. Kuthirira mopyola muyeso nakonso kumawononga: madzi akadikha, bicarbonate, mchere wochokera ku laimu umene umalepheretsa mizu kuyamwa ayironi, amachuluka pamizu ndipo chikasu chimakula. Kwezani bedi masentimita 20 kuti madzi azitsika.

Samalaninso kasungidwe. Bacillus amapanga timbewu tolimba, ndiye amapirira pashelefu. Pseudomonas alibe mphamvu imeneyo. Musungeni mufiriji koma asaundane ngati ayezi, ndipo tsiku lapapaketi likadutsa mutayeni. Zosungunula kale zigwiritsidwe ntchito tsiku lomwelo. Mankhwala a kopa ophera matenda musawathire pamodzi ndi mabakiteriya, amawapha.

Zotsatira muziziyang'ana pa masamba atsopano pakapita milungu ingapo, osati pa akale amene anachita kale chikasu. Siyani mzere umodzi osathira kuti muyerekeze. Masamba akafika poyererako ndi kupsa m'mphepete, mabakiteriya okha sangakwanitse. Thirani ayironi wa mtundu wa Fe-EDDHA, amene amagwirabe ntchito m'dothi la laimu. Wa Fe-EDTA amafooka pH ikapitirira 6.5, kumeneko ndi kutaya ndalama. Salifa, amene amathiridwa pofuna kutsitsa pH, nayenso sakwanitsa pamene choko chili chochuluka.

Njira yomweyi imathandizanso rasipiberi. Koma buluberi, amene amafuna pH ya 4.5 mpaka 5.5, musamubzale m'dothi la choko ngakhale muthire mabakiteriya otani. Muikeni mu mphika waukulu wa kompositi wa asidi, muzimuthirira madzi a mvula okha.