Kuthandiza Munthu Wovulala Kwambiri Akangofika Kuchipatala

Munthu wovulala pangozi ya galimoto akangofika, musathamangire bala limene likuoneka loopsa, chifukwa chimene chimapha msanga kawirikawiri chimakhala chobisika. Koma ngati magazi akutuluka mothamanga pamwendo kapena pamkono, yambani ndi kukanikiza balalo mwamphamvu ndi nsalu yoyera. Kenako mufunseni dzina lake. Akayankha momveka, ndiye kuti njira ya mpweya ndi yotseguka. Akakhala chete kapena akamapuma ngati woliza mkonono, kankhirani nsagwada kutsogolo ndi kuchotsa magazi kapena masanzi m'kamwa, mnzanu atagwira mutu ndi manja awiri kuti khosi lisagwedezeke.

Muvuleni malaya, muone ngati mbali zonse ziwiri za chifuwa zikukwera mofanana, ndipo mupatseni okosijeni. Manja akazizira ndipo mtima ukamagunda mothamanga, dziwani kuti magazi angakhale akutayikira m'chifuwa, m'mimba, m'chiuno kapena m'ntchafu, ngakhale kunja kusakuoneka kanthu. Ikani madiripi awiri, itanitsani magazi, ndipo mankhwala ochepetsa kutaya magazi otchedwa tranexamic acid aperekedwe pasanathe maola 3 chivulalireni.

Unikani maso ndi tochi, mutembenuzeni mothandizana kuti muone kumsana, kenako mufunditseni bulangete, pakuti thupi likazizira magazi sagwirana msanga.