Musadikire kuti akupempheni, ingosankhani tsiku

Ngati m'banja mwanu muli wina amene akusamalira agogo odwala matenda oiwalaiwala, amene achipatala amati dementia, musamusiye ndi mawu akuti "ukafuna thandizo undiuze." Sadzakuuzani. Nthawi zambiri amakhala mwana wamkazi kapena mdzukulu, ndipo amachita manyazi kudandaula za kholo lake lomwe.

Sankhani tsiku, kaya Lachitatu lililonse, mufike masana mukhale mpaka kude. Madzulowo ndawatchula dala: dzuwa likamalowa m'pamene odwala ambiri amasokonezeka kwambiri, kumanga katundu kuti "ndikupita kwathu" ali pakhomo pawo pomwe. Wosamalirayo apite kumsika, kukwaya, kapena angogona basi.

Mukatsala ndi agogowo musatsutsane nawo. Akafunsa za amuna awo amene anamwalira kalekale, kuwakumbutsa za imfayo kumawaliritsa ngati maliro achitika lero. Afunseni mmene anakumanirana, muwapatse nyemba m'lichero azisankha, mtima ukhala pansi.

Aneba akayamba kunong'onezana za ufiti chifukwa agogo apezeka panja usiku, muwayankhe ndinu kuti awa ndi matenda a ubongo. Musamusiyirenso wosamalirayo nkhondo imeneyi, watopa kale.